Kodi Oonera Akunena Zoona? Za Kutsitsimuka kwa Seŵero la EastEnders

Pa 19 Febuluwale 1985 wailesi ya kanema ya BBC ku Britain idaulutsa gawo loyamba la seŵero lotchedwa EastEnders, ndipo mu Febuluwale 2025 seŵerolo lidakwanitsa zaka 40 lisanafike kumathero. Maseŵero a mtundu umenewu, amene nkhani yake imangopitirira sabata ndi sabata, Azungu adaŵapatsa dzina lochokera ku sopo, chifukwa m'zaka za m'ma 1930 ku America makampani opanga sopo, monga Procter & Gamble, ndiwo ankalipira kuti aulutsidwe pa wailesi masana, nthaŵi imene amai ali pa ntchito zapakhomo. Dzinalo lili ndi kachipongwe m'kati mwake, ndipo anthu ophunzira ambiri amayesa kuti maseŵeroŵa ndi osayenera kutayirapo nthaŵi. Ife sitigwirizana nao. Nthano imene anthu miyandamiyanda akhala nayo m'nyumba zao kwa zaka 40 yaumba maganizo ao pa za banja, imfa, kulakwa ndi kukhululuka kuposa mabuku ambiri amene timaŵalemekeza.

Kuyambira mu 1985 mpaka lero oonera akhala akuliweruza seŵeroli, nthaŵi zina moyamikira, nthaŵi zina mokwiya. Pakati pa 2022 ndi 2025 mau ao ambiri adagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti EastEnders, imene idaafooka kwa zaka zingapo, idatsitsimuka. Funso lathu m'nkhani ino lili paŵiri. Kodi oonerawo akunena zoona? Ndipo ngati akunena zoona, kodi zonse zimene akuombera m'manja ndi zimenedi zidalitsitsimutsa?

Chimene seŵeroli lidaali pachiyambi

Amene adayambitsa EastEnders ndi Julia Smith ndi Tony Holland. Iwo adapeka dera lotchedwa Walford, chakuvuma kwa London, ndipo pakati pake adaikapo bwalo la Albert Square, lozunguliridwa ndi nyumba zakale, msika, malo ochapira zovala, ndi nyumba ya moŵa yotchedwa Queen Victoria. Anthu ake adaali osauka ndi apakati, mabanja a Beale, Fowler ndi Watts. Banja la Mitchell lidafika mu 1990, la Slater mu 2000. Gawo loyamba lidatsekula ndi amuna atatu akuthyola chitseko cha chipinda, napeza nkhalamba Reg Cox ili gone, itatsala pang'ono kufa, anansi ake osadziŵa kanthu kwa masiku. Chithunzi chimenechi chidanena zonse za cholinga cha olemba: kuonetsa mudzi wa m'tauni mmene anthu amakhala mothithikana, nadziŵana miseche yonse, komabe munthu nkufa yekha kuseri kwa khoma.

Zaka zoyambazo zidasiya zizindikiro zimene oonera amayezera nazo chilichonse chobwera pambuyo. Pa Khirisimasi ya 1986, pamene Den Watts adapatsa mkazi wake Angie mapepala othetsa ukwati, anthu oposa 30 miliyoni adaonera, tikaphatikiza ndi amene adaonera gawolo litabwerezedwa. Mu 1991 Mark Fowler adaulula kuti ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo adakhala nako pamaso pa oonera kwa zaka zoposa khumi, akugwira ntchito pamsika, akukwatira, akusalidwa ndi anansi ake, mpaka adachoka mu 2003. Oŵerenga a kuno kwathu adzakumbukira kuti seŵero la Tikuferanji, lopangidwa ndi bungwe la ADRA, mmene Michael Usi adatchuka ngati Manganya, lidagwira ntchito yofanana nayo: kulankhula za nthendayo m'nyumba zimene zinkaopa ngakhale kuitchula. Mu Seputembala 2000 Dot Cotton, mai wopemphera amene Baibulo silinkachoka pakamwa pake, adagonjera pempho la bwenzi lake lakale Ethel Skinner, wodwala khansa, namthandiza kufa. Olemba sadamlungamitse, sadamtsutsenso ndi mau. Adangomsiya akuvutika ndi chikumbumtima chake, akufunafuna chilango chimene palibe amene adafuna kumpatsa. Mu Januwale 2008 June Brown, amene ankaseŵera ngati Dot, adasenza yekha gawo lathunthu, akujambula mau pa kaseti kuti akamvere mwamuna wake Jim, amene adaali m'chipatala atafa ziŵalo.

Zitsanzo zonsezi zili ndi chinthu chimodzi chofanana. Mphamvu yake idachokera ku kudziŵana kwa nthaŵi yaitali. Kulakwa kwa Dot kudapweteka chifukwa oonera adaamdziŵa kwa zaka 15 ngati munthu woopa Mulungu. Kanema wa maola aŵiri sangachite zimenezi, ngakhale buku silingathe. Ndi chuma cha seŵero losatha lokha.

Zaka za kufooka

Chuma chimenechi chimaonongeka mosavuta. Kumayambiriro kwa 2011 olemba adapereka nkhani ya Ronnie Branning, amene mwana wake wakhanda adamwalira mwadzidzidzi ali m'tulo, iye nkukasinthanitsa mtembowo ndi mwana wamoyo wa Kat Moon. Madandaulo zikwi zambiri adafika ku BBC, ena ochokera kwa makolo amene adataya ana mwa njira yomweyo, ndipo nkhaniyo idathetsedwa msanga kuposa mmene adaakonzera. Oonera sadakwiye chifukwa cha imfa ya khandalo, pakuti adaazoloŵera kale nkhani zoŵaŵa. Adakwiya chifukwa chisoni cha mai chidasandutsidwa chida chodzidzimutsira anthu.

Pakati pa 2016 ndi 2017, pamene Sean O'Connor ankatsogolera ntchito yopanga seŵeroli, dandaulo lidatembenuka. Oonera adati nkhani zikuyenda ngati nkhono, ndipo kaŵirikaŵiri ankatchula magawo onena za kuchedwa kwa galimoto yotola zinyalala ngati chitsanzo cha kusukuluka. Apa tiyenera kuima pang'ono. Anthu omwewo amene adakana zodzidzimutsa adakananso za tsiku ndi tsiku. Wina angati oonera sadziŵa chimene akufuna. Ife tikuganiza kuti ankachidziŵa, ngakhale sankachitchula: m'nyengo zonse ziŵirizi apangankhani adaasiya kukhala anthu, nasanduka zonyamulira mfundo za olemba. Nkhani ya zinyalala ikadakoma ikadakhala kuti ikuvundukula mtima wa munthu wina wake.

Mliri wa COVID-19 udaonjezera mavuto. Kujambula kudaima mu Malichi 2020. Kuyambira pakati pa Juni mpaka pa 7 Seputembala seŵerolo silidaulutse gawo latsopano, ndipo litabwerera magawo adafupikitsidwa kufika pa mphindi 20, oseŵera akuima motalikirana. Chiŵerengero cha oonera pa usiku woulutsa nthaŵi zina chinkalephera kufika pa 3 miliyoni. Sitiyenera kuŵerenga chiŵerengero chimenechi mopupuluma, pakuti mu 1986 ku Britain kudaali nyumba zoulutsira kanema zinai zokha, pamene lero munthu amasankha pa zikwi, ndipo ambiri amaonera pa intaneti kudzera pa BBC iPlayer nthaŵi imene afuna. Kuchepa kwa oonera sikutsimikiza kuti seŵero laipa, monganso kuchuluka kwao sikutsimikiza kuti lakoma. Komabe pa nthaŵiyo ngakhale okonda seŵeroli ankavomera kuti latha mphamvu.

Zimene oonera adaona bwino

Chris Clenshaw adatenga utsogoleri mu 2022, nausiya itatha nyengo yokondwerera zaka 40 mu 2025, ndipo Ben Wadey ndiye adaloŵa m'malo mwake. Umboni wakuti oonera adasintha maganizo ulipo poyera. Mu 2023 EastEnders idapambana pa British Soap Awards ndiponso pa National Television Awards, mphotho zimene amasankha ndi oonera eni ake; mu 2025 idalandira mphotho ya BAFTA, imene amasankha ndi akatswiri. Nchosoŵa kuti anthu wamba ndi akatswiri agwirizane chotero.

Ena amati chidathandiza ndi bwalo latsopano lojambulira ku Elstree, limene adayamba kuligwiritsa ntchito mu Januwale 2022. Bungwe loŵerengera chuma cha boma la National Audit Office lidanena mu Disembala 2018 kuti ntchito yomanga idzadya mapaundi 86.7 miliyoni, kuchoka pa 59.7 miliyoni amene adaaganiza poyamba. Njerwa zenizeni zimaoneka bwino pa kanema kuposa makoma akale amene adaamangidwa mongoyembekezera, koma njerwa sizilemba nkhani. Ife tikuona zifukwa zitatu zozama.

Choyamba, seŵeroli lidayambanso kukumbukira. June Brown atamwalira mu Epulo 2022 ali ndi zaka 95, olemba adachitira Dot maliro mu Disembala chaka chomwecho, ndipo anthu amene moyo wake udaŵakhudza adabwera kudzamlira, aliyense ndi ngongole yake kwa iye. Mu Seputembala 2022 gawo lina lidabwerera ku 1979 kukaonetsa nyumba imene Phil Mitchell adakuliramo, pansi pa bambo wankhanza, kotero kuti ukali wake wa zaka makumi atatu udapeza muzu. Woonera wokhulupirika amamva kuti akulemekezedwa pamene zimene adaona kale zikuŵerengedwa ngati zidachitikadi.

Chachiŵiri, lidayambanso kudekha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo nkhani ya Lola Pearce ndiyo chitsanzo chake. Mtsikanayu, mai wa mwana mmodzi, adapezeka ndi chotupa cha mu ubongo chakumapeto kwa 2022, namwalira m'gawo la pa 31 Meyi 2023. Kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi oonera adatsata kupita kuchipatala, chiyembekezo chonyenga, ukwati wake ndi Jay Brown, kufooka kwa thupi ndi kwa mau, ndi kuvutika kwa mwana wake Lexi pomvetsa zimene zikudza. Padalibe mankhwala odabwitsa otulukira pa mphindi yotsiriza. Danielle Harold, amene adaseŵera mbali imeneyi, adalandira mphotho yosankhidwa ndi oonera mu Seputembala 2023. Aliyense amene adakhalapo pambali pa mphasa ya wodwala adazindikira kuti olemba adaonetsetsa asanalembe.

Chachitatu, lidatsekula zitseko zimene zidaali zotseka. Mu 2024 George Knight, munthu wakuda woleredwa ndi Azungu, adatulukira kuti kwao nku Ghana, kuti omlerawo ankalandira ndalama pomsunga, ndiponso kuti bambo womlera ndiye adapha bambo wake wombereka. Nkhaniyi idazikika pa zochitika zenizeni, pakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1970 ophunzira ambiri ochokera kuzambwe kwa Afrika ankapereka ana ao kwa mabanja a Azungu ku Britain kuti aŵasunge molipira, popanda boma kuyang'anira mokwanira. Chaka chomwecho Yolande Trueman, mai wachikulire wodzipereka pa mpingo wake, adagwiriridwa ndi mbusa wake, Pastor Clayton. Nkhani imeneyi ikutikhudza ife mwapadera, ndipo nkosavuta kuiyankha modziteteza, makamaka tikakumbukira kuti seŵero lomweli lidaonetsapo mlaliki wakupha anthu, Lucas Johnson, pakati pa 2008 ndi 2010. Koma nkhani ziŵirizi nzosiyana. Lucas adaali choopsezera chabe. M'nkhani ya Yolande maso a olemba adaali pa wolakwiridwayo: manyazi ake, kuopa kuti sadzakhulupiriridwa, kusungulumwa kwake pakati pa okhulupirira anzake, ndi kulimbana kwake kuti asataye Mulungu pamodzi ndi mbusayo. Wansembe kapena mseminale amene angaonere zimenezi mosakwiya angaphunzire mmene wolakwiridwa amamvera pamene akugogoda pa khomo lathu.

Pa mfundo zitatuzi tikuvomereza kuti oonera adanena zoona.

Pamene tikusiyana nao

Komatu chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Zina mwa zimene zidasangalatsa oonera kwambiri m'zaka zomwezi ndizo zimene zimadya seŵeroli kunsi.

Tiyambe ndi kuukitsa akufa. Den Watts adaomberedwa nagwera m'ngalande ya madzi mu 1989, koma adabwerera mu 2003, nkudzaphedwanso mu 2005. Kathy Beale, amene adaati adafa pa ngozi ya galimoto ku South Africa mu 2006, adatulukira mu 2015. Mu Juni 2023 Cindy Beale, amene adaati adafera m'ndende pobereka mu 1998, adapezeka ali moyo, ati apolisi adaambisa pansi pa dzina lina. Oonera ambiri adakondwa, ndipo tikumvetsa: nkhope yakale ili ngati mbale wobwera kuchokera kutali. Koma taonani nthaŵi yake. Padangopita milungu yoŵerengeka kuchokera pa imfa ya Lola. Seŵero lidapempha anthu kuti alire imfa ngati chinthu chosabwezeka, kenaka mwezi wotsatira lidaŵauza kuti manda a ku Walford ali ndi khomo lakumbuyo. Ana a Cindy adakula ngati amasiye pamaso pa oonera. Mwana wake Lucy adaphedwa mu 2014 akudziŵa kuti mai wake adafa. Kukumbukira kumene tayamikira pamwambapa kumasanduka chinyengo ngati zakale zingathe kufafanizidwa tsiku lililonse limene chiŵerengero cha oonera chatsika.

Chachiŵiri ndi nkhani ya amai asanu ndi mmodzi. Mu Febuluwale 2023 gawo lina lidadumphira kutsogolo, nkuonetsa Denise, Kathy, Linda, Sharon, Stacey ndi Suki ataimirira mozungulira thupi la mwamuna pa tsiku la Khirisimasi, nkhope yake yosaoneka. Kwa miyezi khumi oonera ankalosera kuti wakufayo ndani. Ngati luso lokopa anthu, zimenezi zidapambana. Tsikulo litafika, Linda Carter adabaya Keanu Taylor pofuna kupulumutsa Sharon, amene Keanu ankamkanyanga pakhosi, ndipo amaiwo adakwirira mtembo pansi pa nyumba yodyera. Mpaka apa nkhani ili ndi kulemera kwake, ndipo chaka chotsatira chidaonetsa bwino mmene chinsinsi chimadyera munthu: Linda adabwerera ku moŵa, ndipo ubwenzi wa amaiwo udasanduka unyolo. Chovuta ndi njira imene olemba adaŵatulutsira. Poyamba mlandu adaukankhira kwa Dean Wicks, amene adaagwirira Linda mu 2014. Pambuyo pake Nish Panesar, mwamuna wankhanza wa Suki, adauvomera monama pa zifukwa zake. Onse aŵiri adaali anthu oipa, kotero woonera sadamve kuŵaŵa kulikonse. Phunziro lobisika ndi lakuti bodza limayera ngati ogwa nalo ali munthu amene timadana naye kale. Mai wa Keanu ndi mlongo wake adayenera kumva zoona poyera. Seŵero lidasamala kwambiri za apangankhani okondedwa kuposa za iwo. Tikayerekeza ndi Dot wa mu 2000, amene adapita yekha kukafuna chiweruzo, tikuona kuti pano chikumbumtima chidapatsidwa njira yachidule.

Chachitatu ndi chisankho cha pa 20 Febuluwale 2025. Pokonzekera gawo loulutsidwa nthaŵi yomweyo likuseŵeredwa, oonera adapatsidwa mphamvu yovota kuti Denise Fox asankhe mwamuna uti pakati pa Jack Branning ndi Ravi Gulati, ndipo adasankha Jack. Adavotanso dzina la khanda la Sonia, limene lidatchedwa Julia pokumbukira Julia Smith. Dzina la mwana lilibe vuto. Koma mtima wa Denise ndi nkhani ina. Ngati mathero onse aŵiri adaali otheka mofanana, ndiye kuti zaka zonse zimene tidamdziŵa maiyu sizidatiuze kanthu za iye. Mpangankhani wolembedwa bwino amafika poti ngakhale mlembi sangamkakamize. Amachita zimene khalidwe lake lamkonzera. Nchochititsa chidwi kuti chinthu chimene chidagwedeza anthu usiku womwewo sichidavoteredwe konse: imfa ya Martin Fowler, mwana woyamba kubadwira m'seŵeroli mu 1985, amene adapsinjidwa ndi chitsulo m'mabwinja a Queen Victoria. Oonera akadafunsidwa, sitikayika kuti akadampulumutsa, ndipo akadadzimana gawo labwino koposa la chikondwererocho.

Kulemera kwa mau a oonera

Tsono mau a oonera tiŵaike pati? Sitiyenera kuŵanyoza. Munthu amene watsata banja la Fowler kuyambira ali mwana amazindikira msanga pamene mpangankhani walankhula mau osakhala ake, monga mmene mai amazindikirira kuti mwana wake akunama. Pa kuzindikira chinyengo chotere oonera amaposa akatswiri, ndipo mkwiyo wao wa mu 2011 udaali wolungama. Koma woonera ali ndi chofooka cha munthu wokonda: safuna kutaya. Amafuna kuti wakufa abwerere, wokondedwa asamangidwe, ukwati umene akuulakalaka uchitike. Wolemba amene amangomvera zofuna zimenezi amakondweretsa anthu lero nkuŵasoŵetsa chifukwa choonera maŵa, pakuti nthano imene mulibe chotayika mulibenso choyembekezera.

Motero tiyenera kusiyanitsa zinthu ziŵiri zimene m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku timaziphatikiza, kukoma ndi ubwino. Kubwerera kwa Cindy kudakoma. Imfa ya Lola idaali yabwino, ngakhale idaŵaŵa. Pamene oonera akuti EastEnders yatsitsimuka, akuyamikira zonse ziŵiri ndi mpweya umodzi, ndipo ntchito ya wopenda ndiyo kuzilekanitsa. Seŵeroli lidatsitsimukadi pakati pa 2022 ndi 2025, ndipo lidatero pamene lidalola kuti zochita za anthu zikhale ndi zotsatira zake, kuti matenda atenge nthaŵi yake, ndi kuti wolakwiridwa amveke. Pamene lidabweza akufa ndi kupulumutsa olakwa, linkadya mbeu.

Kwa ife amene tikuphunzira kulankhula ndi anthu za imfa ndi kulapa, nkhaniyi siili kutali monga London alili. Anthu amene adzakhale patsogolo pathu, kaya ndi abale athu okhala ku Britain, kaya ndi a kuno amene amatsata maseŵero ena otere madzulo alionse, amabwera ataphunzitsidwa kale ndi nthano za mtundu umenewu. Adzatimvera ndi makutu omwewo. Adzazindikira msanga ngati tikulankhula za munthu weniweni kapena za chonyamulira mfundo chabe, ndipo pa chimenechi tiyenera kuŵaopa. Adzafunanso kuti tiŵapatse mathero ofeŵa, ndipo pa chimenechi tiyenera kulimba mtima. Olemba a ku Walford adapambana pa masiku amene adachita zonse ziŵiri pamodzi, ndipo oonera, ngakhale adalira, adabweranso maŵa lake.